Kunenepa, Kuonda, ndi Nkhwangwa Yobwereka

Munthu wa ku tauni akafika kwao kumudzi, pali mau amene amakondwa kuwamva koposa ena onse. Asanatule ndi katundu yemwe, amai ace akulu amamuyang'ana kuyambira kumutu kufikira kumapazi, naomba m'manja, nati, "Koma wanenepa, mwana wanga! Akukusunga bwino ku Lusakako." Mau amenewa atamanda mwamuna wace, nchito yace, ndi banja lonse limene linamlera. Ndipo makolo amene anayamba kulankhula cotero sayenera kusekedwa, pakuti iwo anaidziwa miyezi ya January ndi February, pamene nkhokwe iri pululu ndi cimanga ca m'munda cisanakhwime. Anaona ndi maso ao kuti mwana wamnofu ndiye amapulumuka cikuku ndi malungo, pamene woonda amatsogola. Kwa iwo mafuta a m'thupi anali nkhokwe yaciwiri, imene mbala singathe kuiba ndi anankafumbwe sangathe kulowamo.

Koma masiku ano madotolo alikunena kuti nkhokwe yaciwiriyo ikadzala kopitirira muyeso imasanduka nthenda; ndipo kutsidya kwa nyanja kwapezeka mankhwala amene amaondetsa munthu koposa ena onse amene anayesedwa kale. Mankhwalawo afika kwa ena, kwa ena sanafike. Kwina anafika nasowanso. Ndi mtengo wace ulikusintha caka ndi caka. Tsono munthu wolemedwa ndi thupi lace acite ciani, pokhala thandizo liri lotere, lero liripo, mawa palibe? Nanga anansi ace amuyese wotani akaonda, kapena akalephera kuonda? Mafunso otere amamveka bwino akafunsidwa pa malo amodzi odziwika, ndipo mu Lusaka muli komboni ina imene inakomana nao kale m'maonekedwe ena. Dzina lace ndi Kalingalinga.

Amene anakwerapo basi kucokera ku Chipata, Katete kapena Petauke adziwa kuti polowa mu Lusaka mseu umapita pa khomo la University of Zambia. Kumbuyo kwa sukulu yaikuluyo ndiko kuli Kalingalinga. Komboni imeneyi inayamba ndi anthu odzimangira okha pa malo a mafamu osiyidwa, ndipo kwa zaka zambiri olamulira sanaiwerengere. M'zaka za m'ma 1980 khonsolo ya Lusaka, pothandizana ndi boma la Germany, inakonzamo miseu, mipope ya madzi, sukulu ndi cipatala. M'mbali mwa mseu wa Alick Nkhata amisiri amapala mipando ndi makama, ena amalumikiza zitsulo za mageti, ndipo amai amaphwanya miyala ndi nyundo kuti agulitse kwa omanga nyumba. Mmawa uli wonse amai ena ambiri amatuluka ulendo wa ku Kabulonga ndi ku mayadi ena, kukagwira nchito m'nyumba za olemera.

Akulu a pa Kalingalinga sanaiwale zaka za m'ma 1980 ndi 1990, pamene nthenda ya AIDS inapatsidwa dzina lakuti kaliondeonde. Masiku amenewo munthu akataya mnofu, mlandu wace unali utaweruzidwa kale pa mpope wa madzi, popanda mboni, popanda dotolo. Woonda ndi cifuwa cacikulu, woonda ndi shuga, woonda ndi cisoni ca maliro, onse anaikidwa m'gulu limodzi. Ndipo mkazi amene sanadziwe mwamuna wina koma wace yekha anaweruzidwa pamodzi ndi acigololo, cifukwa ca makosi oonekera mafupa. Mu October 1987 Kenneth Kaunda anauza dziko poyera kuti mwana wace Masuzyo anafa ndi nthendayo, koma ngakhale mau a mtsogoleri sanatseke pakamwa pa anthu. Nyumba yosungiramo odwala kwakayakaya ya Our Lady's Hospice inamangidwa pa Kalingalinga pomwepo, ndipo ambiri amene analowamo zaka zoyamba sanatulukemo ndi miyendo yao.

Cowawa koposa cinali cakuti mankhwala analipo. Kuyambira 1996 odwala a m'maiko olemera analikumwa mankhwala atatu ophatikiza, nadzuka pa mphasa. Koma mtengo wace unali madola 10,000 kapena kuposa pa caka, ndipo anzeru ena anati ku Africa nkosatheka. Mu February 2001 kampani ya Cipla ya ku India, motsogozedwa ndi Yusuf Hamied, inati ingathe kuwagulitsa pa madola 350 pa caka. Mu April 2004 zipatala zazing'ono za boma mu Lusaka zinayamba kupereka ma ARV, ndipo pofika November 2005 anthu oposa 16,000 anali atayamba kumwa. Anthu amene abale anali atawagulira kale nsaru ya maliro anabwerera ku msika ali ndi masaya. Kucokera pamenepo mau aja akuti "mwanenepa" anasenza tanthauzo laciwiri, losanenedwa koma lomveka kwa onse: simudwala. Ncifukwa cace m'matauni ambiri a mu Africa atsikana amagula dala mankhwala a ziwengo amene amati cyproheptadine, amene amautsa njala nagonetsa tulo, kuti anenepe. Munthu amene anaona mlongo wace alikusekedwa cifukwa ca kuonda sangamve msanga dotolo womuuza kuti acepetse thupi.

Komabe ziwerengero ziri ndi mau ao. Pa kalembera wa za umoyo amene boma la Zambia limacita, mwa akazi 100 ali onse a zaka 15 kufikira 49, olemera kopitirira muyeso anali 12 mu 2001 ndi 2002. Anali 19 mu 2007. Anali 23 mu 2013 ndi 2014, ndipo m'matauni anali pafupifupi mmodzi mwa atatu. Pa dziko lonse lapansi anthu onenepa kufikira pa muyeso wa nthenda anapitirira biliyoni imodzi mu 2022. Mafuta oculuka, makamaka a pamimba, amabala nthenda ya shuga, kuthamanga kwa magazi kumene onse amati BP, kufa ziwalo, ndi kutha kwa maondo. Zimenezi sizipha msanga monga kolera. Zimayamba kudya ndalama za banja, kenaka maso, impso kapena phazi, ndipo pomariza mwini wace.

Alaliki ena, ndi anthu ena ophunzira, amafulumira kunena kuti kunenepa konse ndi kususuka ndi ulesi. Kususuka kulipodi, ndipo nkoipa. Koma sikungatheke kuti kususuka kwa akazi a mu Zambia kunaculuka kawiri m'zaka 12 zokha. Amene afuna cifukwa ceniceni ayang'ane mu mphika wa m'komboni. Banja losauka siligula thumba la ufa. Limagula kapaketi kamene amati pamela, ka tsiku limodzi, ndipo ufawo kawirikawiri ndi woyera, wocotsedwa gaga. Limagula saladi woyeza m'kabotolo, ndi shuga wa m'kapepala. Nyemba zimadya makala a maola atatu, pamene citumbuwa cimapsa m'kamphindi. Dimba palibe, pakuti nyumba zagundana. Nkhwani umene kumudzi amathyola kuseri kwa nyumba, kuno ngwogula. Ndalama imodzi imagula kukhuta kwambiri mu ufa, mafuta ndi shuga koposa mu nsomba, mazira kapena zipatso. Potero mai wanzeru, wofuna kuti ana asagone ndi njala, amasankha comwe cimanenepetsa. Caka ca cilala ca 2024, pamene Hakainde Hichilema analengeza tsoka la dziko pa 29 February, thumba la ufa la makilo 25 linapitirira K300, ndipo m'nyumba zambiri coyamba kucepa cinali ndiwo, nsima inatsala. Munthu angathe kunenepa ali wosauka. M'nyumba imodzi mungakhale mai wolemera makilo 95 ndi mwana wopinimbira, pakuti mu 2018 ana 35 mwa 100 ali onse osafika zaka 5 anali opinimbira. Ndipo madotolo apeza kuti mwana wobadwa wocepa thupi, akakula napeza cakudya cambiri, amagwidwa msanga ndi shuga ndi BP.

Pali zina ziwiri zoseketsa ndi zomvetsa cisoni pamodzi. Kuyambira 1998 lamulo la Zambia lifuna kuti shuga wa m'nyumba athiridwe vitamini A, cifukwa ca maso ndi moyo wa ana. Cinali cinthu cabwino, koma ena anamva ngati shuga wasanduka mankhwala, naonjeza supuni yacitatu mu tiyi. Ndipo mankhwala a dolutegravir, amene mu 2019 bungwe la World Health Organization linawaika patsogolo pa ma ARV onse, anaoneka pa kuyesa kwa ku Johannesburg kuti amaonjeza thupi, makamaka kwa akazi. Wakumwa mankhwala amenewa asayese konse kuwaleka cifukwa ca ici. Akambe ndi a ku cipatala. Koma womseka adziwe kuti alikuseka munthu cifukwa ca cinthu cimene cinamsunga ndi moyo.

Tsono mankhwala atsopano oondetsawo ngotani? Munthu akadya, matumbo ace amatumiza kamthenga m'magazi, kamene anzeru amati GLP-1. Kamthenga kameneka kamauza kapamba kuti atulutse insulin, kamauza cifu kuti cisafulumire kutsitsa cakudya, ndipo kamauza ubongo kuti munthu wakhuta. Koma kamatha m'mphindi ziwiri zokha. Mu 1992 dotolo wa ku New York, John Eng, anapeza kanthu kofanana nako m'ululu wa buluzi wa m'cipululu ca America, amene amati Gila monster, ndipo ka buluziko kamakhalitsa maola ambiri. Pa ici panacokera mankhwala oyamba a mtundu umenewu mu 2005, a odwala shuga. Pambuyo pace kampani ya Novo Nordisk ya ku Denmark inapanga semaglutide, wobaya kamodzi pa sabata: anatuluka ndi dzina lakuti Ozempic mu 2017 wa odwala shuga, ndi lakuti Wegovy mu 2021 wa onenepa. Kampani ya Eli Lilly ya ku America inatulutsa tirzepatide, ndiye Mounjaro, mu 2022.

Mphamvu yao njosakanika. Pa kuyesa kwa anthu 1,961 kwa masabata 68, obayidwa semaglutide anataya pafupifupi makilo 15 mwa 100 ali onse a thupi lao, pamene obayidwa madzi cabe anataya awiri. Pa kuyesa kwina kwa anthu oposa 17,000 odwala mtima, kumene kunalengezedwa mu 2023, ngozi za mtima ndi kufa ziwalo zinacepa ndi gawo limodzi mwa asanu. Inde, walira mvula walira matope: ambiri amamva nseru, amasanza, amatsegula kapena kumangika m'mimba, ena amagwidwa ndi miyala m'ndulu, pamodzi ndi mafuta umacokanso mnofu wa mphamvu, ndipo mai wapakati sayenera kuwagwiritsa nchito. Koma bvuto lalikulu liri pena. Ena mwa anthu a kuyesa koyamba kuja anatsatidwa caka cimodzi ataleka jekeseni, ndipo anapezeka atabwezera magawo awiri mwa atatu a makilo amene anataya. Thupi limateteza nkhokwe yace. Likaona kuti yacepa, limaonjeza njala nicepetsa moto umene limaocera cakudya. Mankhwalawa sacotsa nthenda, amangoigwira manja nthawi yonse imene munthu ali nao, monga acitira mankhwala a BP ndi ma ARV. Amene alibe njira yakuwapeza mwezi ndi mwezi wagwira nkhwangwa yobwereka, ndipo akale anati imeneyo sikhalira kuguluka.

Kufikira lero mwini nkhwangwayo wakhala kutali. Ku America, m'zaka zoyamba, mtengo wolembedwa wa Wegovy unali madola oposa 1,300 pa mwezi. Malipiro ocepetsetsa a wanchito wa m'nyumba mu Zambia anaikidwa pa K1,300 kuyambira January 2024. Potero jekeseni wa mwezi umodzi, pa mtengo umenewo, anali thukuta la zaka ziwiri ndi miyezi pamwamba. M'maiko ena mtengo unali madola 200 kapena 300, komabe imeneyo ndi miyezi ingapo ya nchito. Pamenepo ofufuza ena anawerengera mu 2024 kuti semaglutide wa mwezi umodzi angapangidwe ndi ndalama zosafika madola 5. Ndipo ngakhale kwa olemera mankhwalawa anasowa kuyambira 2022 kufikira kumayambiriro kwa 2025, cifukwa ofuna anaposa opanga.

Wowerenga aganize tsono za mai wina wa pa Kalingalinga, wosachulidwa dzina pakuti otere alipo ambiri. Ali ndi zaka 46, makilo 98, ndi nthenda ya shuga imene amamwera mapiritsi a ku cipatala. Amasesa ndi kuphika m'nyumba ina ku Kabulonga, ndipo m'firiji, pafupi ndi mazira, amaona tinthu tonga zolembera, timene dona wa nyumbayo amadzibaya nato Lamulungu liri lonse. Donayo waonda, ndipo ndi munthu wacifundo. Tsiku lina anena, "Amai, ndatsala ndi tiwiri, ndipo ine ndasintha mankhwala. Tengani, tikuthandizani."

Cifundo cimeneci ncoona, ndipo palibe coipa mu mtima wa wopereka kapena wa wolandira. Komatu mphatsoyo iri ndi mano. Mankhwalawa amayambidwa pang'ono, nakwezedwa mwezi ndi mwezi. Muyeso wa munthu amene wakhala nao caka ungagwetse woyamba kumene ndi kusanza kosaleka. Akaphatikizidwa ndi insulin kapena mapiritsi ena a shuga, monga glibenclamide, angatsitse shuga wa m'magazi kufikira munthu kukomoka. Asanatsegulidwe afunika kukhala pozizira, ndipo maiyo alibe firiji. Ngakhale akadakhala nayo, mu 2024, madzi atacepa ku Kariba, magetsi anali kuzima maola 17 ndi kuposa pa tsiku. Ndipo ikatha miyezi iwiri, njala idzabwerera, makilo adzabwerera, ndipo iye adzadziyesa wolephera pa cinthu cimene sanalakwe. Cimene ayenera kucita ndi kuthokoza, kulemba dzina la mankhwalawo pa pepala, ndi kukafunsa ku cipatala asanadzibaye. Donayo, ngati afunadi kuthandiza, awerenge kaye ngati angathe kusenza katunduyo zaka, osati miyezi. Ngati sangathe, tsiku lakupita ku cipatala losadulidwa malipiro, ndi kamakina koyezera shuga, zingapindule koposa.

Pali ena amene amati kuonda ndi jekeseni ndi cinyengo, kuti munthu ayenera kubvutika yekha ndi njala kuti kuonda kwace kukhale koyenera ulemu. Maganizo amenewa ndi mbale wace wa aja a pa mpope wa madzi: onse awiri amayesa thupi la munthu kalata yoonetsa mtima wace. Wolima ndi ng'ombe sanabe munda, ndipo wobvala magalasi sananyenge wowerenga ndi maso okha. Ngati njala ya munthu wina imafuula koposa ya mnzace, cifukwa ca mtundu wace kapena ubwana wace wa usiwa, kumpatsa cotontholetsa njalayo sikucotsa ulemu wace. Amene sanalimbanepo ndi njala yotere asadzitame. Ciri kwa mnzako umati cigwire nyanga.

Mlandu weniweni uli pa kugawa. M'zaka za kusowa zija, odwala shuga m'maiko ambiri anabwerera manja okha ku masitolo a mankhwala, pamene ena osadwala, ofuna kulowa m'diresi la ukwati kapena kuoneka bwino pa cithunzi, anagula ndi ndalama zao. Lamulo silinawaletse onse, koma cikumbu mtima cikadayenera kuwaletsa. Pamene cinthu ncocepa, woyamba akhale iye amene ali pafupi ndi kutaya phazi, impso kapena moyo. Mu September 2025 World Health Organization inatsata dongosolo lomweli poika mankhwalawa m'ndandanda wa mankhwala ofunika, koyamba kwa odwala shuga onenepa amene alinso ndi nthenda ya mtima kapena ya impso. Mu December caka comweco inabvomereza, mwa macenjezo, kuti agwiritsidwe nchito nthawi yaitali pa kunenepa, niinenanso kuti pofika 2030 adzafika kwa anthu osakwana mmodzi mwa khumi a iwo amene akadathandizidwa nao.

Khomo lirikutseguka ndithu. Mounjaro anafika ku South Africa kumapeto kwa 2024, ndi Wegovy mu 2025. Caka ca 2026 ndico malire a lamulo loletsa makampani ena kupanga semaglutide ku India, China ndi Brazil, ndipo India ndi dziko lomwe lija limene linagwetsa mtengo wa ma ARV. Amene anaona za 2004 ali ndi cifukwa cakuyembekeza. Koma fanizolo siliyenda ndi miyendo yonse. Ma ARV anafika m'komboni cifukwa maiko ena anasonkha cuma cambiri, mwa Global Fund kuyambira 2002 ndi PEPFAR kuyambira 2003. Kunenepa kulibe wosonkhera wotere. Ndipo mu January 2025, boma la America litaimitsa thandizo lace lakunja, ngakhale akumwa ma ARV kwa zaka 20 anagona ndi nkhawa. Mankhwala amene moyo wace ulamulidwa ndi msonkhano wa kutali angafike, ndipo angabwererenso.

Kutsika kwa mtengo kudzabwera ndi zace. Mu June 2024 World Health Organization inacenjeza za Ozempic wabodza wopezeka ku Brazil, Britain ndi America. Ngati onyenga analowa m'maiko a malonda olondedwa cotero, sadzaopa msika wa m'komboni. Jekeseni wogulidwa pa kantemba, pa Facebook, kapena kwa mnzace wocokera ku Johannesburg, wopanda kalata ya dotolo ndi wosalembedwa ndi bungwe la ZAMRA loyang'anira mankhwala, angakhale madzi, angakhalenso insulin, amene apha munthu wosamfuna. Ndipo olamulira angayesedwe kuganiza kuti jekeseni wathetsa nkhani, naleka kufunsa cifukwa cace botolo la cakumwa cotsekemera lipezeka msanga m'komboni koposa nthoci.

Nanga mai uja acite ciani poyembekeza? Fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Coyamba ndi cingwe: ayeze msinkhu wace ndi cingwe kuyambira kumutu kufikira pansi, acipinde pawiri, nacizunguze m'ciuno pamwamba pa mcombo, ngati nsonga zace sizikomana, mafuta a pamimba apitirira. Caciwiri ndi kudziwa kuti safunika kuonda ngati mtsikana. Pa kuyesa kwa ku America kumene kunalengezedwa mu 2002, kwa anthu oposa 3,000 amene shuga wao anali atayamba kukwera, iwo amene anaphunzitsidwa kutaya makilo 7 mwa 100 ndi kuyenda ndawala mphindi 150 pa sabata anacepetsa kugwidwa ndi shuga ndi magawo 58 mwa 100, kuposa akumwa metformin, amene anacepetsa ndi 31. Kwa amene wadwala kale, makilo asanu kapena asanu ndi awiri amatsitsabe shuga ndi BP, napeputsa maondo. Njira zace nzodziwika ndi zosakometsa: mgaiwa m'malo mwa ufa woyera, mitanda iwiri m'malo mwa inai, ndiwo zamasamba zotendera m'malo mwa zosambira mu saladi, madzi m'malo mwa zotsekemera, ndi kutsika basi patali pang'ono. Ndipo nkoyenera kunena zoona, kuti ambiri oyenda njira imeneyi amabwezeranso makilo ena, pa cifukwa comwe cija ca thupi loteteza nkhokwe yace. Wobwezera ayambenso, osadziyesa wocimwa.

Cobvuta cace ncakuti palibe munthu amadya yekha. Mphika ndi umodzi. Ngati bambo wa nyumba ati mgaiwa ndi cakudya ca amphawi, ndipo ndiwo zopanda mafuta oyandama ndi cipongwe, mai sangaphike kawiri ndi makala a tsiku limodzi. Pa misonkhano ya mpingo ndi pa maukwati mlendo amalemekezedwa ndi botolo lotsekemera ndi mbale yosefukira, ndipo wokana amayesedwa wonyada. Apa ndi pamene nkhaniyi ifika kwa a kumudzi, amene angaganize kuti za Kalingalinga siziwakhudza, kuiwala kuti saladi, shuga ndi zigayo za ufa woyera zafika kale pa sitolo iri yonse ya m'mbali mwa mseu. Iwo ali ndi zinthu ziwiri zimene wa ku tauni azisowa. Ali ndi nyemba, khobwe, nsawa, mfutso ndi mgaiwa, zimene zingakwere basi. Ndipo ali ndi pakamwa, pamene pangamange kapena kupasula nchito ya miyezi isanu ndi itatu m'mau amodzi.

Pakuti lidzafika tsiku la Krisimasi, ndipo mai uja adzatsika basi pa Katete atataya makilo asanu ndi limodzi, citenje citayamba kuzungulira kawiri. Amai ace akulu adzamuyang'ana kuyambira kumutu kufikira kumapazi, osaomba m'manja. Madzulo adzamuitanira kuseri kwa nkhokwe, nadzafunsa motsitsa mau, "Mwana wanga, usandibise. Kodi ulikudwala? Kapena bambo wa kunyumba waleka kukusunga?" Iye adzaturutsa kabuku ka ku cipatala, nadzawaonetsa manambala a shuga, amene anali kumwamba mu April ndipo tsopano atsika, adzawauza kuti usiku sadzukanso kasanu kukataya madzi, ndi kuti maondo aleka kulira pokwera citunda. Agogowo adzamvetsera, nadzakhulupirira theka. Pa tsiku lobwerera adzamangira m'thumba nyemba, mfutso wa nkhwani ndi mgaiwa wa pa cigayo ca pafupi, monga anapempha. Ndipo pamwamba pace, osamfunsa, adzaikapo nkhuku yonona yomanga miyendo.